Galimoto ya pa Njerwa ya Amalume Waisoni

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda amalume anga a Waisoni, ndipo kunena zoona ndikadawakwiyirabe. Pamaliro pawo abusa anati tataya munthu wofatsa, wosadziwa kukhumudwitsa mnzake. Ndinatembenuka kuyang'ana azakhali, akazi awo, n'kupeza aphimba kukamwa ndi chitenje. Anthu ankayesa akulira. Ine amene ndimawadziwa ndinaonera mapewa kuti kumeneko kunali kuseka. A Waisoni kufatsa? Munthu amene anakhumudwitsa theka la Zingwangwa, ndipo theka linalo linapulumuka chifukwa linalibe ndalama yogulira galimoto.

Anali mlongo wawo wa mayi anga, wamkulu pa onse. Anagwira umakaniko zaka zambiri pagalaji ina ku Makata, ndipo atapuma anamanga kashedi kuseri kwa nyumba yawo, momwe ankawotcherera ndi kupenta magalimoto. Anali ndi makina owotcherera ndi komporesa yopoperera penti, ndipo ziwirizo ndi zimene zinkadyetsa pakhomopo. Koma chimene anatchuka nacho si chimenecho. Aliyense wofuna kugula galimoto yakale, kuyambira Chilobwe mpaka Nkolokosa, ankauzidwa kuti usanapereke ndalama katenge a Waisoni akaione. Ambiri ankawatenga kamodzi kokha.

Munthu wabwinobwino akaona galimoto amafunsa kuti ikuyenda bwanji, ikumwa mafuta motani. Amalume ayi. Iwo ankayamba ndi kufunsa kuti ikafa mawa, itsala ndalama zingati. Ankaizungulira pang'onopang'ono manja ali kumbuyo, mwini wake ali pomwepo, n'kumaiphwasula ndi pakamwa. Injini, ngati ili yamoyo, mwakuti. Giyabokosi mwakuti. Zitseko zinayi, magalasi, nyali, batire, redieta, matayala ndi malimu ake, chilichonse ndi mtengo wake wa ku Ndirande, kumene amagulitsa zipangizo zochotsa ku magalimoto akufa. Chigoba chotsalacho ankachiwerengera pa kilo, monga amagulira ogula zitsulo. Akatero ankachotsapo ya wokoka galimotoyo kuchokera pamene yafera, ya womasula, ndiponso ya zipangizo zimene zidzangokhala osapeza wozifuna. Zonsezi ankalemba ndi chala pafumbi la galasi lakumbuyo, ndipo galimoto ikakhala yotsukidwa ankadandaula kuti mwini wake akubisa kanthu.

Nambala yotsala pansipo ankaitcha mtengo wa mtembo. Ankati ndalama yako yeniyeni ndi imeneyo, poti ndiyo ungaipezenso zinthu zikavuta. Yapamwamba pakeyo, kuchokera pa mtengo wa mtembo kukafika pa mtengo umene wogulitsa akutchula, ankati ukuiponya mumtsinje wa Mudi ndi chiyembekezo choti iyandama. Pamwamba pa imeneyo ankawonjezeranso ya mwezi woyamba, ati galimoto yakale ikangosintha mwini imayamba kupempha: tayala, batire, inshuwalansi, mapepala a pamsewu. Ndiye ankakuyang'ana m'maso n'kukufunsa ngati ana ako angadye mwezi wamawa ndalamayo itamira. Ukati inde, ankati gula. Ukachita chibwibwi, ankatola chipewa chawo n'kumapita, osatsanzika. Ogulitsa magalimoto anawapatsa dzina loti adzukulu, ati chifukwa amabwera kudzayeza manda wodwala akadali kumwa phala.

Galimoto ankakaiona sikisi koloko m'mawa, osati nthawi ina. Akafika ankayamba aika chikhatho pa boneti. Ikakhala yofunda, basi, ulendo wathera pomwepo, ati mwini wake wailiza kale kuti tisamve mmene imatsokomolera ikamadzuka. M'thumba la ovolosi ankayenda ndi maginito ochotsa ku sipika ya wailesi, okulunga m'kampango. Ankawayendetsa m'mbali mwa galimoto, ndipo pamene akana kumata ankadziwa kuti pansi pa penti palibe chitsulo, pali phala lomatira pobowoka. Ankapisa chala mu ekizozi, kununkhiza oyilo, kufukula makapeti kufuna dzimbiri, n'kugona chagada m'fumbi kupala nambala ya chasisi ndi msomali kuti aifananize ndi ya m'bulubuku. Akadzuka pamenepo ndiye ankayamba mafunso ochititsa manyazi. Dzina lili m'bukuli ndi landani? Ngati ndi la malemu, abale ake agwirizana? Akazi anu akudziwa kuti mukugulitsa? Simunaipinyolitse kwa akatapila? Ankati galimoto ya milandu ilibe ngakhale mtengo wa mtembo, chifukwa eni ake akabwera ndi apolisi amanyamula ndi mabawuti omwe.

Si kuti ankakana zonse. Aphunzitsi ena achizimayi a ku Chilobwe anawatengera ku pikapu yoipa maonekedwe, chitseko china chobiriwira china choyera, mpando womanga ndi waya. Aphunzitsiwo anali atachita kale manyazi, akufuna kubwerera. Amalume anawerenga, kuwerenganso, n'kunena kuti gulani lero lomwe, poti mtengo wa wogulitsa ndi mtengo wa mtembo zangosiyana pang'ono, ikafa simulira. Pikapu ija inanyamula makala ndi chimanga zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhani imeneyi ankaibwereza mpaka tinatopa nayo. Malipiro awo anali thiransipoti ndi kenakake kapamwamba kochokera kwa wogula. Wogulitsa wina anayesa kuwafumbatitsa kuseri kuti atseke pakamwa pa za redieta, iwo n'kutambasula dzanja pamaso pa wogula uja, n'kunena kuti onjezani iyi pa mavuto a galimotoyi. Iwo eni sanagulepo galimoto yoyendera moyo wawo wonse. Ankapalasa njinga yakapalasa yopanda madigadi.

Ine ndinawatenga katatu, poti ndine wosamva. Koyamba ku Chilomoni, boneti yofunda, tinabwerera pageti. Kachiwiri ku Bangwe, kagalimoto kofiira kamene ndinali nditalota kale ndikupita nako ku ukwati. Anati injini ya mtundu umenewo mu Blantyre muno ilipo imodzi yokha, yomweyo, ndiye ikadzafuna kachipangizo ndidzachita kuitanitsa kunja n'kudikira mpaka mvula igwe. Kachitatu sanapeze vuto lililonse, ndipo ndinayamba kumwetulira. Anandifunsa za ana ndi mwezi wamawa, ine n'kumeza kaye mate ndisanayankhe, iwo chipewa chili kale m'manja. Mpaka lero ndimapanikizana mu minibasi, thumba pamiyendo, chifukwa cha munthu ameneyu. Mwina anandipulumutsa, sindikukana, koma sindinawathokozepo.

Ndiye tamvani zodabwitsa. Munthu yemweyu, amene ankalalikira kuti galimoto yoima imadyedwa ndi mvula iliyonse, anasunga galimoto yakufa pakhomo pake zaka zisanu ndi zinayi. Inali saluni yotuwa, itakhala pa milu inayi ya njerwa pakati pa nyumba ndi mpanda, ataiphimba ndi lona wong'ambika. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wakumbuyo. Pamalo pomwepo ndi pamene azakhali ankafuna kumangapo chipinda cha lendi, ndipo nkhondo ya malo amenewo ndinkaimva ulendo uliwonse ndikapita kukawaona.

"Bambo a Felista, chitsulo chanuchi chichoka liti?"

"Loweruka kukubwera munthu wa ku Bangwe."

"Munthu wa ku Bangweyo akukwawa? Chaka chachitatu chino ali m'njira."

"Ndiponso mtengo wa zitsulo ukukwera. Mukufuna ndigulitse moluza?"

Ogula enieni ankabwera. Wina kufuna chitseko, wina nyali, wina sitata. Amalume ankatchula mtengo wa mbuzi ziwiri pa nyali imodzi, munthu n'kuchoka akupukusa mutu. Palibe ngakhale bawuti imodzi imene inagulitsidwa pagalimoto imeneyo. Ine ndinawaputapo tsiku lina, ndinati malume, mtengo wa mtembo wa iyi watsala zingati tsopano? Anandiuza kuti ndikafunse mayi anga ngati ndi iwo anandiphunzitsa kulankhula ndi akulu chonchi.

Galimotoyo poyamba inali ya achimwene anga a Dalitso, ndipo mmene inafikira pa njerwa zija ndi nkhani imene inang'amba banja lathu.

Fakitale imene a Dalitso ankagwirako itachepetsa anthu, anawapatsa ndalama yawo yonse kamodzi, K1.6 miliyoni ya nthawi imeneyo. Kunyumba ku Nkolokosa kunali ana atatu, alamu anga osagwira ntchito, nyumba yalendi. Ndalama ina yobwera kunalibe. Anaganiza zogula galimoto yoti azinyamulira anthu pakati pa Kameza ndi Machinjiri. Mkulu wina wa mpingo kutchalitchi kwawo anali akugulitsa saluni yake pa miliyoni imodzi ndi theka, ati inkangoyenda Lamulungu lokha, kunyumba kutchalitchi, kutchalitchi kunyumba. A Dalitso sanafune kuitana amalume. Anati munthu wa Mulungu sungamutengere adzukulu. Amene anaimbira amalumewo foni ndine, ndipo ndinaiwala kuwauza kuti adikire Lolemba m'mawa.

Linali Lamulungu, mapemphero atangotha, anthu ali mbwee panja kupatsana moni. Galimoto inali itaima pansi pa mtengo, yotsukidwa mpaka matayala. Amalume anatulukira pageti atavala ovolosi, pakati pa masuti ndi zovala zoyera za amayi. Anaika chikhatho pa boneti, n'kunena mokweza kuti nthawi ndi yolakwika, koma poti abwera kale aiona. Anagona pansi. Anadzuka. Anatsegula pothirira oyilo n'kupisa chala mkati mwenimweni, chala n'kutuluka ndi zoyera ngati chambiko. Maginito anagwa kawiri pa zitseko zakumanzere. Poti fumbi pagalasi panalibe, analemba masamu awo pansi ndi kamtengo, anthu atazungulira ngati pali wotsatsa mankhwala.

"Madzi akulowa mu oyilo," anatero. "Mwathira oyilo wolemera kuti isamveke. Injini iyi yatsala miyezi, osati zaka. Ikafa, Dalitso, utolapo 400 sauzande, ndipo pamenepo ndakukomera mtima."

Mkulu wa mpingo uja anavula magalasi. "Bambo, mukunditcha wakuba pakhomo pa tchalitchi?"

"Za inu sindinafunse, akulu. Ndikunena za galimoto."

"A Dalitso, awa mwabwera nawo ndinu?"

Achimwene anga anasowa polowa. Anagwira mkulu uja dzanja ndi manja awiri, kupepesa, kunena kuti amalumewa akalamba, musawatengere. Amalume anamva. Anapukuta chala pa ovolosi, n'kufunsa funso lawo lija la ana ndi mwezi wamawa, pamaso pa mpingo wonse. A Dalitso anayankha kuti anawo ndi awo, ndipo adya.

Lolemba m'mawa anakapereka ndalama, osanenerera ngakhale kwacha imodzi. Patapita nthawi alamu anandiuza kuti a Dalitso nawonso mtima unali utakayika. Koma anati akabwerera m'mbuyo ndiye kuti avomereza kuti mkulu wa mpingo ndi wabodza, ndipo sakanathanso kukhala pabenchi imodzi ndi anthu aja. Anagula galimoto kuti atsuke manyazi a Lamulungu.

Inayenda miyezi inayi. Inafera pachitunda cha ku Machinjiri dzuwa likuswa mtengo, anthu asanu ali mkati, utsi woyera uli tolotolo. Okwera anaitanitsa ndalama zawo n'kukwera kabaza. Anaikokera ku Nkolokosa n'kuiimika pakhomo. Mkulu wa mpingo atauzidwa anati pepani, tikuikani m'mapemphero, koma munagula mutaona, ndi amalume anu omwe analipo. A Dalitso anasiya kutuluka m'nyumba. Mwininyumba anayamba kubwera kawiri pa sabata, ndipo mwana wamkulu anabwezedwa kusukulu. Ndinapitako tsiku lina n'kupeza alamu akudula mbatata zitatu kuti zikwanire anthu asanu.

Loweruka lina sikisi koloko amalume anafika ndi njinga yawo. Ine ndinali nditagona konko, ndiye ndinaona ndi maso anga. Ndinkayembekeza kuti ayamba ndi zoti ndinakuuza. Sananene. Anaizungulira galimoto ija, ndipo ulendo uno fumbi linalipo lokwanira. Analemba, kufufuta, kulembanso, atatchinga ndi thupi kuti tisaone. Kenaka anafufuta zonse ndi mkono n'kuitana a Dalitso, amene anali ataima pakhomo atavala vesiti.

"Ndikupatsa 1.1 miliyoni. Ndikaiphwasula ndekha."

"Si paja munati 400 sauzande?"

"Tsiku lija sindinaione bwino giyabokosi. Ndiponso zitseko za mtundu uwu zikusowa."

"Ndiye ndipatseni 1.3."

"Ukundiyesa banki? 1.1, yokokera ndilipira ndekha. Ukakana ndikupita, uzikhala nayo mpaka imere bowa."

Analandira. Koma taonani mmene mutu wa achimwene anga unayendera, ndipo sindingawanene kwambiri poti nanenso ndinaganiza chimodzimodzi. Tonse tinkadziwa kuti a Waisoni chibadwire sanalolepo munthu kupereka tambala yoposa mtengo wa mtembo pa galimoto yakufa. Ngati akupereka 1.1, ndiye kuti aonamo mamiliyoni awiri. Ndiye kuti 400 sauzande ya kutchalitchi ija linali bodza, lofuna kuchititsa munthu manyazi pagulu, kapena kugwetsa mtengo kuti adzaitole okha. A Dalitso anatsimikiza mumtima kuti amalume awo enieni anadikira kuti agwe n'cholinga choti awadyere. Ndi ndalama ija analipira lendi, kubweza mwana kusukulu, n'kutsegula okala ya misomali, mapaipi ndi simenti pafupi ndi msika. Okalayo inagwira, ndipo ndi imene yaphunzitsa ana onse atatu. Koma ku Zingwangwa sanapondekonso. Pamaliro ndi pamaukwati ankawapatsa moni wapatali, wongokweza dzanja, ndipo powatchula ankati abizinesi aja.

Mwezi womwewo amalume anasiya kuwotcherera, ati maso ayamba kuwawa ndi moto, makina awabwereketsa kwa mnzawo ku Ndirande. Tinakhulupirira. Anayamba kukhalira timaganyu tosintha mabuleki ndi tindalama ta anthu owatenga kukaona magalimoto, azakhali n'kuyamba kukazinga mandasi pamsewu. Ndinayesapo kuwayanjanitsa ndi a Dalitso. Ndinati malume, mwana wa mlongo wanu akukuonani ngati mdani, bwanji osakhala naye pansi? Ngati munapindula nayo galimoto, nenani, mumugawireko pang'ono nkhani ithe. Anandifunsa ngati okala ikuyenda. Ndinati ikuyenda. Anati ndiye vuto lili pati, n'kupitiriza kutsuka masipanala m'mafuta. Ndinatuluka nditakwiya, ndipo ndinatha miyezi iwiri osapitako.

Chaka chatha atagonekedwa m'chipatala ndi matenda a shuga, khalidwe silinasinthe. Ndinawapeza akudziwerengera okha pabedi: maondo atha, maso atha, impso ndi za pa kilo, koma mano anayi akutsogolo akadali ndi msika. Anamwino ankaseka, azakhali akuwakalipira kuti asiye zachibwana adye phala. A Dalitso anabwera kamodzi, nditachita kuwakoka. Anaima kumiyendo kwa bedi, manja m'thumba.

"Mwadzuka bwanji, malume?"

"Ndadzuka. Simenti ikuyenda?"

"Ikuyenda."

"Usamakongoze anthu a kutchalitchi."

Zinathera pomwepo. Pa zaka zisanu ndi zinayi, mawu amene awiriwa analankhulana anali okhawo. Patatha masiku asanu anamwalira.

Utatha mwezi chiikireni maliro, azakhali anati chitsulo chija chichoke. Anaitana a Lapukeni, ogula zitsulo ku Ndirande, bambo waimvi amene anaphunzira ntchito m'manja mwa amalume kalekale. A Dalitso atamva anati nawonso abwera, akaone chuma chimene abizinesi aja anachikhalira zaka zonsezi. Anabwera atavala jekete, nkhope ili gwa.

A Lapukeni anafika ndi lole, sikelo ndi amuna awiri odula zitsulo. Anachotsa lona, nkhuku n'kubalalika. Boneti anachita kuitsegula ndi chitsulo chifukwa inali itagwirana ndi dzimbiri. Anangosuzumira kamodzi, n'kunena kuti zonse apima pa kilo, palibe chomasula.

"Pa kilo bwanji?" anafunsa a Dalitso. "Giyabokosiyo? Zitsekozo? Kapena mvula yawononga?"

"Mvula yawononga, inde, koma panalibe zambiri zoti iwononge. Bwerani muone." A Lapukeni anawalozera mng'alu pa injini, woyambira pamwamba mpaka pansi. "Uwu si wa mvula, inabwera nawo. Giyabokosi inali ikulira kale, zitseko ziwirizi ndi phala lokhalokha. Amene ndinaikoka ku Nkolokosa ndine, ndi lole yomweyi. Tili m'njira amalume anu anandifunsa kuti ndingapereke zingati, ndinati 350 sauzande. Anati ndawerenga bwino, koma ndikadzauza munthu adzandithyola miyendo."

"Nanga 1.1 miliyoni anaitenga kuti?"

"Anagulitsa makina owotcherera ndi komporesa. Wogula ndinawapezera ndine, sabata yomweyo. Yoperewera anakachotsa ya penshoni."

A Dalitso anatembenukira kwa azakhali, amene anali atakhala pakhonde akusankha nyemba m'lichero.

"Azakhali, inu munkadziwa?"

"Ndimagona nyumba yomweyi, ndikanalephera bwanji kudziwa? Mandasi aja unkayesa ndimakazinga chifukwa chokonda utsi?"

"Nanga bwanji munkalimbana nawo kuti aigulitse?"

"Chifukwa ndinkafuna malo anga. Za ndalamazo ndinavomera, koma chitsulo ndinati chichoke. Iwo anati akagulitsa chitseko chimodzi, mtengo wake umveka Zingwangwa yonse mpaka ufika kwa iwe, ndipo iwe ndi mtima wakowo ugulitsa okala kuti ubweze. Anati bola uziwada, ana akudya."

"Akanangondiuza."

"Ukanalandira?"

A Dalitso anakhala pansi pafumbi ndi jekete lomwelo, n'kumaonerera amuna aja akudula galimoto. Zidutswa zinkakwera pa sikelo chimodzichimodzi, a Lapukeni akutchula makilo motsitsa mawu. Azakhali anawabweretsera madzi m'kapu, sanamwe. Pofika masana lole inanyamuka.

Ine ndiye ndinapsa mtima kuposa tsiku lina lililonse, ndipo sunazizirebe. Munthu wosatha kusunga mawu, amene ankauza mlendo pamaso pa mkazi wake kuti galimoto yake ndi bokosi la maliro, anatseka pakamwa pa chinthu chimodzi chokha chimene chinafunika kunena. Analola kuti mwana wa mlongo wake amudutse pamsewu ngati samudziwa. Analola kuti inenso ndimuyese wadyera, ndimulangize maso ndi maso kuti agawireko mnzake phindu, iye akutsuka masipanala. Anawerengera lendi, fizi, ngakhale kunyada kwa a Dalitso. Koma kodi anawerengera kuti tsiku lina munthuyo adzadziwa iwo kulibe, wopanda womupepesa? Mwina anawerengera, n'kuona kuti imeneyo angathe kuiluza. Sindikudziwa, ndipo womufunsa palibe.

Sabata yotsatira a Dalitso anatumiza matumba khumi ndi awiri a simenti, ati azakhali ayambire kumanga. Azakhali anabweza mawu kuti iwo sanagulitse kanthu, ndiye salandira malipiro. A Dalitso anakana kudzawatenganso. Matumbawo anakhala pakhonde dzinja lonse akuwombedwa ndi mvula, ndipo pano auma, asanduka miyala.

Ndinapitako Loweruka lapitali. Kashedi n'kotseka ndi loko. Pakati pa nyumba ndi mpanda pali malo amakona anayi, kutalika kwake kwa galimoto, pamene dothi ndi lakuda ndi oyilo wa zaka zonse zija. Kuzungulira konse kwamera chisoso ndi bonongwe, koma pamenepo ayi. Milu inayi ya njerwa ikadali mmene inalili, ndipo maziko sanakumbidwe. Azakhali akuti a Dalitso amabwera masiku ena masana, okala atasiyira alamu. Sagogoda, salowa m'nyumba, amangokhala pa mulu umodzi wa njerwa kanthawi, kenaka n'kumapita. Azakhali amawaonera pawindo n'kuwasiya. Iwonso popita kukayanika zovala amalambalala malowo, beseni pamutu, kudzera kampata kopanikiza ka kumpanda.